Momwe Mungayengere, Kusunga ndi Kudzola Mafuta a Zomera Posamalira Khungu

Anthu anayamba kudzola mafuta a zomera kalekale, mafuta a m'fakitale asanabwere. Mpukutu wa zamankhwala wa ku Egypt wotchedwa Ebers Papyrus, umene unalembedwa cha m'ma 1550 B.C., umatchula kale nsatsi pakati pa mankhwala a nthawi imeneyo, ndipo mpaka lero kumadzulo kwa Africa amayenga mafuta a njere za mtengo wa shea, ku Morocco a mtengo wa argan, kum'mwera kwa Africa a mfula, pomwe ku India amadalira a chitowe, a kokonati ndi a nimu. Nzeru imeneyi yakhalitsa chifukwa imagwiradi ntchito. Komabe mafuta amathandiza pokhapokha akakhala oyenera khungu la munthuyo, oyengedwa mwaukhondo, osungidwa bwino, ndiponso odzoledwa pamalo ndi pa nthawi yoyenera. Chimodzi mwa zimenezi chikasowa, mafuta omwewo amene akanafewetsa khungu amatha kuyambitsa ziwengo kapena kunyekeretsa chilonda.

Yambani ndi kumvetsa ntchito imene mafuta amagwira

Kachikopa kapamwamba penipeni pa khungu n'kopyapyala kwambiri, ndipo kanamangidwa ngati chipupa: timaselo touma tophwatalala tasanjikizana ngati njerwa, ndipo pakati pake pali mafuta achilengedwe amene amatimata monga matope amamatira njerwazo. Chipupachi n'chimene chimasunga madzi m'thupi ndi kutsekereza tizilombo ndi litsiro kunja. Sopo waukali, madzi otentha kwambiri, mphepo yozizira youma, kuchapa tsiku lonse ndiponso ukalamba zimakokolola mafuta a pakatiwo. Zikatero madzi amatuluka msanga, khungu limatuwa mbuu, limayabwa, kenako limayamba kung'ambika.

Chimene ambiri sachizindikira n'chakuti mafuta alibe madzi m'kati mwake, choncho sanganyowetse khungu paokha. Ntchito yake ndi kutseka kuti chinyezi chimene chili kale pakhungu chisathawe, ndiponso kufewetsa timamba touma. N'chifukwa chake munthu amene amadzola thupi litauma gwa amangonyezimira kunja, koma pakapita maola ochepa khungu limayambanso kuthina, pamene wodzola atangotuluka kosamba, thupi lidakali ndi chinyezi, amakhala wosalala tsiku lonse ndi timafuta tochepa.

Mafuta a njere amaoneka ofanana m'botolo, koma m'kati mwake ndi osiyana. Pali mitundu iwiri ya asidi wa m'mafuta imene muyenera kuidziwa. Woyamba, wotchedwa linoleic, ndi amene thupi limagwiritsa ntchito pokonza mafuta omata timaselo tija. Wachiwiri, wotchedwa oleic, amalowa msanga ndi kufewetsa, koma akachuluka amalekanitsa timaselo pakhungu limene ndi lofooka kale. M'chaka cha 2013 akatswiri a pa yunivesite ya Sheffield ku England anafalitsa kafukufuku amene anthu akuluakulu ankadzola mafuta a olivi mkono umodzi ndi a mpendadzuwa mkono winawo kwa milungu inayi. Mkono wa mafuta a olivi, amene ali ndi oleic wambiri, khungu lake linafooka ndi kufiira pang'ono, pomwe wa mafuta a mpendadzuwa, amene ali ndi linoleic wambiri, khungu linakhala lolimba ndi lachinyezi. Anthu amene anayesedwa anali ochepa, koma zinaonekeratu kuti mafuta akakhala abwino kudya sindiye kuti ndi abwino pakhungu lililonse.

Sankhani mafuta molingana ndi khungu lanu

Ngati khungu lanu ndi louma, loyabwa, kapena losachedwa kutuluka ziwengo, yambani ndi mafuta a mpendadzuwa. Ndi opepuka, sanunkha kwambiri, ndipo ndi amodzi mwa mafuta ochepa amene anayesedwa mokwanira m'zipatala. Kafukufuku wa ku Bangladesh amene anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2005 anapeza kuti makanda obadwa masiku asanakwane amene ankadzozedwa mafutawa ankatenga matenda m'chipatala mochepera ndi 41 peresenti poyerekeza ndi anzawo osadzozedwa. Dziwani chabe kuti pali mbewu zina za mpendadzuwa zimene zinakonzedwa kuti zikhale ndi oleic wambiri, ndipo mafuta ake sathandiza mofanana ndi a mpendadzuwa wamba.

Mafuta a kokonati nawonso ali ndi mbiri yabwino pakhungu louma. Pafupifupi theka lake ndi asidi wotchedwa lauric, amene amachepetsa mabakiteriya ena a pakhungu, ndipo kafukufuku wa ku Philippines wa mu 2014 anasonyeza kuti ana odwala matenda a khungu louma loyabwa otchedwa eczema anapezako bwino ndi mafutawa kusiyana ndi mafuta odzola ochokera ku petulo. Amagwirana kukazizira, n'kusungunuka kutentha kukafika pa madigiri pafupifupi 24, choncho musadabwe mukawapeza ali olimba m'mawa koma amadzimadzi masana. Vuto lake ndi lakuti amatseka timabowo ta pakhungu, ndiye munthu wosachedwa kutuluka ziphuphu asawadzole kumaso, pachifuwa kapena kumsana.

Mafuta a nsatsi ndi osiyana ndi onse. Ndi olemera, onanda, ndipo pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 ndi asidi wotchedwa ricinoleic, amene sapezeka wochuluka chonchi m'mafuta ena odziwika. Chifukwa sauma msanga, amagwira ntchito bwino pamalo okhakhala monga m'zidendene, m'zigongono ndi m'mawondo. Pathupi ponse amamata kwambiri, choncho sakanizani supuni imodzi ndi masupuni atatu a mafuta opepuka. Ambiri amawatamanda kuti amameretsa tsitsi; chimene amachitadi ndi kulikuta kuti liziwala ndi kusathothoka msanga, ndipo umenewo ndi ubwino wokwanira paokha.

Mafuta a mfula ndi a chammwamba ali ndi oleic wochuluka, magawo pafupifupi 70 pa 100 alionse. Amalowa msanga, sawonongeka wamba, ndipo ndi abwino kwa munthu wa khungu lathanzi limene langouma ndi nyengo kapena ukalamba, koma wa eczema awayese kaye mosamala. A mlambe ali pakatikati, popeza ali ndi oleic ndi linoleic wofananako muyezo. A mlambewa ndi odzola basi, osati ophikira. A shea ndi olimba, amasungunuka m'manja, ndipo amathandiza khungu louma kwambiri. A jojoba, ochokera ku chitsamba cha m'zipululu za Mexico ndi kum'mwera chakumadzulo kwa United States, amafanana ndi mafuta amene khungu limatulutsa lokha, n'chifukwa chake ambiri amawakonda kumaso.

Pali mafuta awiri ofunika kusamala nawo. A nimu ndi owawa, onunkha kwambiri, ndipo amatha kuotcha khungu akadzoledwa okhaokha. Asungunuleni, supuni imodzi m'masupuni khumi a mafuta ena, ndipo musamwe kapena kumwetsa mwana ngakhale dontho, chifukwa madokotala ku India ndi ku Malaysia anaona makanda akukomoka ndi kugwidwa khunyu atamwetsedwa mafutawa. A mtedza asadzozedwe mwana wakhanda, makamaka wokhala ndi ziwengo, popeza kafukufuku wa ku Britain wa mu 2003 anapeza kuti ana odzozedwa mankhwala okhala ndi mafutawa anali pachiopsezo chachikulu choti thupi lawo lidzayambe kudana ndi mtedza poyerekeza ndi anzawo osadzozedwa.

Musasokoneze mafuta a njere ndi mafuta onunkhira amene amatchezedwa ndi nthunzi kuchokera ku masamba kapena maluwa, monga a bulugamu, a lavenda ndi a tea tree a ku Australia. Amenewa ndi amphamvu kwambiri, ndipo muyezo wake ndi dontho limodzi kapena awiri m'supuni yaing'ono ya mamililita 5 ya mafuta a njere. Sayenera kumwedwa, sayenera kufika kumaso kwa mwana wamng'ono, ndipo ochokera ku makoko a mandimu ndi zipatso za mtundu umenewo amaotcha khungu munthu akapita padzuwa atawadzola.

Kayengedwe ka mafuta a nsatsi

Nditenga nsatsi ngati chitsanzo chifukwa ndi zimene zimafuna kusamala kwambiri, ndipo amene wadziwa kuyenga nsatsi savutika ndi njere zina. Musanayambe, dziwani kuti njere za nsatsi zili ndi poizoni woopsa wotchedwa ricin. Njere zochepa chabe zitatafunidwa zikhoza kupha mwana, ndipo maonekedwe ake amawangamawanga amakopa ana kuti aziseweretsa. Poizoniyu salowa m'mafuta, amatsalira m'phala ndi m'madzi owiritsira, ndipo moto umamufooketsa. N'chifukwa chake mafuta oyengedwa bwino ndi osaopsa pakhungu pomwe zotsalira zake ndi zoopsa. Khalani ndi mtondo, munsi, mphika ndi nsalu za ntchito yokhayi, zimene sizidzakhudzanso chakudya, ndipo ana ndi ziweto zikhale kutali kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ngati fumbi la nsatsi limakuyetsemulitsani, kukutupitsani maso kapena kukubanikitsani, isiyeni ntchitoyi, chifukwa matupi ena amadana nalo kwambiri.

Choyamba kololani ngala zimene zakhwima ndi kuyamba kuuma, n'kuziyanika padzuwa kwa masiku angapo. Zikauma zimaphulika zokha ndi kuponya njere patali, choncho ziyanikeni m'thumba lolowa mpweya kapena zivundikireni ndi nsalu yopyapyala kuti njere zisamwazike pabwalo pamene mwana kapena nkhuku ingazitole. Petani, kenako sankhani ndi manja, mukutaya zonse zachuku, zofumbwa, zofwapa ndi zosweka kale. Pamenepa musachite ulesi, popeza njere zowola zochepa zimanunkhitsa mafuta onse ndi kufupikitsa nthawi imene angakhale.

Chachiwiri kazingani njerezo pamoto wochepa, mukutakasa osaleka, mpaka zitayamba kuthetheka ndi kutulutsa fungo lakupsa bwino. Kukazinga kumachotsa chinyezi ndi kumasula mafuta, koma mukapsereza mudzapeza mafuta akuda onunkha utsi. Zidakali zotentha, zisinjeni mumtondo. Poyamba zimasanduka zidutswa, kenako ufa wonyowa, ndipo mukapitiriza zimagwirana kukhala phala lonanda lowala limene limakakamira kumunsi. Kuwalako ndicho chizindikiro chakuti mafuta ayamba kutuluka. Mukalekera pa ufa, mafuta ambiri adzatsalira m'kati.

Chachitatu thirani phalalo mumphika wa madzi owira, madzi ake akhale ochuluka kawiri kapena katatu kuposa phala. Vundulani kuti lisungunuke, kenako chepetsani moto kuti lizingobwata pang'onopang'ono kwa maola angapo, mukutakasa nthawi ndi nthawi kuti lisapserere pansi ndi kuwonjezera madzi otentha akamaphwa. Mudzaona timadontho tachikasu tikukwera pamwamba, tikukumana, mpaka kupanga chiyangayanga cha mafuta. Phulani mphika, dikirani kuti zinyenyeswa zikhazikike, ndipo wengulani mafutawo ndi supuni yotakata. Mukhoza kubwezera mphikawo pamoto kawiri kapena katatu, chifukwa nthawi iliyonse mafuta ena amatulukabe.

Chachinayi, chimene ambiri amachidumpha koma n'chimene chimasiyanitsa mafuta okhalitsa ndi owonongeka msanga, ndi kuchotsa madzi otsalira. Zimene mwawengula zimakhala ndi madzi osaoneka ndi maso. Ziikeni mupoto wouma pamoto wochepa kwambiri, n'kumvetsera. Madzi akadalimo, mafuta amalira thethethe ndi kutulutsa tithovu, ndipo amaoneka ngati a mitambo. Phokosolo likamachepa, tithovu tikatha, mafutawo n'kuyera moti mukuona pansi pa poto, phulani nthawi yomweyo asanayambe kufuka utsi. Akazizirako asefeni pansalu yoyera youma yopinda kawiri, asiyeni akhazikike kwa masiku awiri kapena atatu m'chiwiya chovundikira, kenako tsanulirani oyera okhaokha m'botolo, zansenga zitsale pansi.

Pomaliza kumbani dzenje lakuya ndi kukwiriramo phala lotsala pamodzi ndi madzi ake, kumene mbuzi, galu kapena nkhuku sizingafukule, ndipo sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya.

Njira yomweyi imagwira ntchito pa njere za nimu, chitowe, mpendadzuwa ndi chammwamba, kungoti za nimu, mpendadzuwa ndi chammwamba muyambe mwazichotsa makoko. Komabe moto umachepetsako vitamini E ndi zina zoteteza mafuta, choncho amene ali ndi makina ofinyira apamanja amapeza mafuta abwinopo pofinya njere zouma zosakazinga. Maso a mfula amachotsedwa poswa nthangala yake yolimba ndi mwala, n'kusinjidwa ndi kufinyidwa ndi manja, mukudontheza timadzi tofunda. Pa kokonati, palani mnofu wa wokhwima, ufinyeni ndi madzi ofunda kuti mutuluke mkaka, usiyeni usiku umodzi kuti zonona zikwere pamwamba, kenako tenthetsani zononazo pamoto wochepa mpaka mafuta atalekana ndi zinyenyeswa zofiirira. Njere za mlambe ndi zolimba kwambiri ndipo mafuta ake ndi ochepa, moti n'kwabwino kugula ofinyidwa kale ndi makina. Pogula mafuta alionse, sankhani olembedwa kuti anafinyidwa osatenthetsa ndiponso sanasakanizidwe ndi zonunkhiritsa.

Kasungidwe

Adani a mafuta ndi madzi, mpweya, kuwala ndi kutentha. Wiritsani botolo lagalasi ndi chitsekerero chake, liyanikeni mozondotsa mpaka litaumiratu, chifukwa dontho limodzi la madzi lotsalira pansi ndi lokwanira kumeretsa chuku. Botolo lakuda kapena lofiirira ndi labwino koposa, koma loyera mukhoza kulikulunga ndi pepala. Ndi bwino kugawa mafuta m'timabotolo ting'onoting'ono todzaza kusiyana ndi botolo limodzi lalikulu lotsegulidwa tsiku ndi tsiku, popeza mpweya umene umalowa ndi umene umawawononga. Lembani dzina la mafutawo ndi tsiku limene munayenga, ndipo a nsatsi ndi a nimu akhale kutali ndi mafuta ophikira komanso pamene ana sangafike.

Mafuta okhala ndi linoleic wambiri, monga a mpendadzuwa, amawonongeka msanga, choncho yengani okwanira miyezi yochepa. A nsatsi, a kokonati, a mfula ndi a chammwamba amatha chaka kapena kupitirira akasungidwa pozizira ndi pamdima. Musaviikemo chala; tsanulirani pachikhatho kapena tapani ndi kasupuni kouma. Akayamba kununkha mwaukali, kunanda mosiyana ndi poyamba kapena kusintha mtundu, atayeni, chifukwa mafuta owonongeka amayabwitsa khungu m'malo molichiritsa.

Yesani kaye musanadzole thupi lonse

Chinthu kukhala chachilengedwe sikutanthauza kuti thupi lililonse lichilandira. Pakani kadontho m'kati mwa mkono, pafupi ndi popindira chigongono, kawiri pa tsiku, ndipo chitani zimenezi kwa masiku osachepera atatu, kapena mlungu wathunthu ngati khungu lanu ndi losachedwa kukwiya, chifukwa ziwengo zina zimatenga maola 48 kapena kupitirira kuti zioneke. Pakafiira, pakayabwa, pakatupa kapena pakatuluka timatuza, sambani ndi sopo wofatsa ndi kuwasiya mafutawo. Yesani mtundu umodzi pa nthawi, kuti chikavuta mudziwe chimene chayambitsa. Munthu amene watupa milomo kapena kumaso, kapena akuvutika kupuma atadzola, athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo.

Kadzoledwe

Sambani ndi madzi ofunda, osati otentha, ndipo musakhalitse. Popukuta muzingogunditsa thaulo pakhungu, osakhula, kuti chinyezi chitsaleko, ndipo dzolani mphindi zochepa zisanathe. Thirani timafuta pachikhatho, tikitani manja kuti tifunde, n'kupaka motsatira kumene ubweya wagonera, popeza kupaka mobwerera kumalowetsa mafuta m'mizu ya ubweya ndi kuyambitsa tizilonda tonga ziphuphu. Ngati pakatha mphindi khumi khungu likadali lonyezimira ndi kudetsa zovala, ndiye kuti munachulutsa. Kumaso madontho awiri kapena atatu ndi okwanira, ndipo nthawi yabwino ndi usiku.

Pa ming'alu ya m'zidendene, viikani mapazi m'madzi ofunda kwa mphindi 10 mpaka 15, khulani pang'ono ndi mwala wosalala kuti chikopa chakufa chichoke, pukutani, pakani mafuta a nsatsi kapena a shea mokwanira, n'kuvala masokosi athonje usiku wonse. Chofunika ndi kusadumphitsa masiku, chifukwa chidendene chimafewa pang'onopang'ono, ndipo kukhula mwamphamvu kuti zithe tsiku limodzi kumangokulitsa ming'aluyo. Odwala matenda a shuga asaviike mapazi kapena kudula chikopa. Azingodzola pamwamba ndi pansi pa phazi, osapaka pakati pa zala, ndipo mng'alu uliwonse wotuluka magazi akauonetse kuchipatala, popeza kwa iwo kachilonda ka phazi sikachedwa kukula.

Kumutu, pakani mafuta kutsitsi lenilenilo, makamaka kunsonga. Ambiri akaona mfundu amaganiza kuti mutu wauma, ndiye amawonjezera mafuta, koma nthawi zambiri mfundu imayamba ndi kafangasi kotchedwa Malassezia kamene chakudya chake ndi mafuta omwewo. Wa mfundu achepetse kudzola pachikopa cha mutu ndi kusamba ndi shampu ya mankhwala, monga yokhala ndi ketoconazole.

Mwana wakhanda adzozedwe pang'ono chabe, ndi mafuta ofatsa monga a mpendadzuwa kapena a kokonati, opanda chonunkhiritsa chilichonse. Musapake pamchombo umene sunapole, ndipo musadonthezere mafuta m'mphuno kapena m'makutu, chifukwa olowa m'mphuno amatha kutsikira m'mapapo ndi kuyambitsa chibayo. A njere za mpiru, ngakhale ndi ofala m'maiko ena, amafooketsa khungu la mwana.

Pachipsera, dikirani mpaka chilonda chitatsekeka ndi nkhanambo itagwa yokha. Kenako tikitani ndi kadontho ka mafuta mozungulira kwa mphindi zingapo tsiku lililonse. Chipsera sichifafanizika, koma chimafewa ndi kusiya kuthina, ndipo kutikitako kumathandiza mofanana ndi mafutawo.

Kupanga mafuta olimba ndi phula la njuchi

Mafuta amadzimadzi amachoka msanga m'manja mwa munthu wogwira ntchito ya madzi kapena ya dothi, choncho ndi bwino kuwalimbitsa. Yezani gawo limodzi la phula la njuchi loyera ndi magawo anayi kapena asanu a mafuta, mwachitsanzo magalamu 20 a phula ndi magalamu 100 a mafuta. Ikani zonse m'kambale kachitsulo, n'kukakhazika pamwamba pa poto wa madzi otentha, osati pamoto penipeni, ndipo takasani mpaka phula litasungunuka. Donthezani pang'ono pasupuni yozizira kuti muone kulimba kwake: akalimba kwambiri wonjezerani mafuta, akafewa wonjezerani phula. Tsanulirani m'kabotolo kouma kakamwa kotakata, ndipo katsekeni atazizira kuti nthunzi isagwere m'kati.

Ngati mukufuna kuviikamo masamba kapena maluwa odziwika kuti ndi osaopsa pakhungu, yambani mwawaumitsa pamthunzi mpaka azithetheka mukawafinya. Aikeni m'botolo, thirani mafuta mpaka onse amire, tsekani, muzigwedeza tsiku lililonse kwa milungu iwiri mpaka inayi, kenako sefani. Masamba aawisi amalowetsa madzi, ndipo madzi m'mafuta otsekeredwa ndi malo abwino oswanirana tizilombo. Pachifukwa chomwechi musasakanize mafuta osunga ndi madzi kapena utomoni wa aloe. Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito zonse ziwiri, pakani chamadzicho choyamba, mafuta pambuyo.

Pamene mafuta sayenera kufika

Munthu akapsa ndi moto kapena madzi otentha, musamupake mafuta a mtundu uliwonse. Mafuta amatsekera kutentha m'kati, ndipo mnofu umapitirira kupsa. Thirani madzi ozizira oyenda pamalopo kwa mphindi 20, vulani mphete kapena zibangili pasanatupe, phimbani ndi nsalu yoyera yosamata, ndipo musaboole matuza. Ngati papsa pamalo aakulu kuposa chikhatho cha wopsayo, kapena kumaso, m'manja, kumaliseche, kapenanso wopsayo ndi mwana, pitani kuchipatala. Chimodzimodzi chilonda chakuya, cholumidwa ndi nyama, chotuluka mafinya, chonunkha, kapena chimene m'mbali mwake mukufiira ndi kutentha: chitsukeni ndi madzi oyera ndi sopo, osathiramo mafuta oyenga pakhomo, chifukwa ngakhale aoneke oyera chotani sanaphedwe tizilombo mokwanira kuti alowe m'mnofu.

Zipere ndi mphere zili ndi mankhwala ake enieni. Mafuta akhoza kuchepetsa kuyabwa kwa kanthawi, koma fangasi kapena tinthata toyambitsa mphere timapitirira kuswana ndi kufalikira kwa ena m'nyumba, ndipo zipere za m'mutu zimafuna mankhwala akumwa. Banga lotuwa kapena lofiirira limene silimva kukhudza likhoza kukhala chiyambi cha khate, matenda amene amachizika ndithu akapezeka msanga, choncho kulidzola mafuta n'kutaya nthawi yofunika.

Palibe mafuta a zomera amene amateteza khungu ku dzuwa mokwanira. Izi ndikuzinena motsindika chifukwa cha anthu achialubino, amene khungu lawo lili pachiopsezo chachikulu cha khansa: mafuta a kokonati, a shea kapena ena alionse sangalowe m'malo mwa mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa (SPF ndi muyezo wa mphamvu yake yoteteza), chipewa chotakata ndi zovala zamanja aatali. Dziwaninso kuti mafuta alionse amafooketsa kondomu ya labala m'mphindi zochepa mpaka kung'ambika, choncho asagwiritsidwe ntchito pamodzi. Musadonthezere mafuta a nsatsi m'maso, ndipo mayi woyembekezera asawamwe, popeza amatsegula m'mimba mwamphamvu ndipo akhoza kuyambitsa matenda a kubereka nthawi isanakwane.

Pakhungu longouma, kusintha kumayamba kuoneka m'kati mwa mlungu umodzi kapena iwiri. Nthawi imeneyi ikadutsa popanda kusintha, kapena vuto likamakula, kufalikira, kukulepheretsani kugona, kapena likabwera ndi kutentha thupi, lekani kudzola ndi kupita kuchipatala. Tengani botolo la mafutawo, ndipo muwauze adokotala mtundu wake, zimene munasakanizamo ndi tsiku limene munayamba kudzola, kuti athe kusiyanitsa matenda enieniwo ndi ziwengo zobwera ndi mafuta.